Mnzanga Wolemba Naye Mabuku Wasowa Mawu

Aphungu,

Moyo wanga wonse ndakhala ndikudyera mawu, koma kalata iyi yandivuta kuposa buku lililonse. Mundikhululukire ndikamazungulira.

Ndine mayi wachikulire, imvi zinafika kale m'mutu, ndipo ntchito yanga ndi kulemba mabuku a nkhani zachikondi. Mwina munationapo timabuku tija, pachikuto pali mwamuna ndi mkazi atafulatirana, koma aliyense akuyang'ana mnzake cham'mbali. Anthu amatinyoza pagulu, kenako n'kumatiwerenga m'basi atatikuta ndi nyuzipepala. Dzina limene lili pachikutopo si langa. Ndi la mkazi amene sanabadweko, tinachita kumupeka awiri, ine ndi mnzanga, ndipo mabuku onse a dzina limenelo talemba awiri.

Mnzangayo timamutcha Mphezi. Tinadziwana tili atsikana, tikutayipa makalata mu ofesi ina. Nthawi ya nkhomaliro iye ankakonda kuyeserera mmene bwana wathu amakanganirana ndi mkazi wake pafoni, mbali zonse ziwiri yekha, mpaka ife tiyi n'kutitsamwa. Ine ndinkalemba tinkhani tanga mobisa. Tsiku lina anandilanda pepala, n'kuwerenga, n'kunena kuti, "Iwe, anthu akowa ndi aulemu kwambiri. Ndibwereke, ndikawayambanitse." Umo ndi mmene tinayambira. Iye amalemba mikangano, ine ndimalemba kukhululukirana. Ine amanditcha Namisozi, chifukwa mbali zoliza owerenga ndi zanga. Akamaliza mutu wake ankandiponyera mapepala n'kunena kuti, "Namisozi, ndawadanitsa. Kayanjanitse anthu ako."

Kwa zaka zambiri, Lachiwiri lililonse ndinkapita kwawo. Tinkagwirira ntchito patebulo lodyera, lija lokhala ndi mwendo umodzi waufupi umene amautchinjiriza ndi katoni yopinda. Ine ndimakhala pansi ndi laputopu, iye sakhazikika, amazungulira tebulo akulankhula ngati anthu a m'bukumo, manja ali m'mwamba. Amuna ake, amene ine ndimawatcha alamu, anali okonza magetsi, pano anapuma. Tsiku lina ali pamakwerero kusintha babu pakhonde, Mphezi anakuwa kuti, "Tenga katundu wako, ndisadzakuonenso pano!" Alamu anatsika mwakachetechete, n'kudzaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Mayi, ndi ine kapena ndi wa m'bukuyo?"

Ine banja linatha kalekale, ndipo mwana sindinakhale naye. Choncho kumapeto kwa chaka, maofesi ndi masukulu akatseka, ndinkalongedza kachikwama n'kukakhala kwa Mphezi mpaka chaka chatsopano chitalowa. Ankandigoneka m'chipinda chosokeramo, pakati pa makina ndi milu ya nsalu. M'mawa, nyumba isanadzuke, tinkakhala awiri ndi tiyi n'kumapanga mafupa a buku la chaka chotsatira: ndani akonda ndani, chiwalekanitse n'chiyani. Masana n'kusenda, kuphika, kutsuka mbale, kukangana ndi ana pa za wailesi. Tchuthi china chimene ndikuchidziwa palibe, Aphungu. Ndi chimenechi basi.

Kumayambiriro kwa chaka chino, m'mawa wina akupaka batala pa buledi, mpeni unagwa m'manja mwake, pakamwa n'kupotoka. Madokotala anati ndi sitiroko. Anakhalitsa kuchipatala. Pano ali kunyumba, amayenda ndi ndodo, dzanja lamanja ndi lofooka. Koma chimene chinapita kwambiri ndi mawu. Kumva amamva, ukanena nthabwala amaseka pamalo pake. Koma akafuna madzi amati sopo, akafuna juzi amati zenera, ndipo amadzimva yekha kuti waphonya, n'kutseka maso ndi mkwiyo. Mawu amene amatuluka osavuta ndi "ayi", "basi", ndi kachitukwano kena kamene sindinamumvepo akukanena ali bwino. Abusa atabwera kudzamuona anakalandira nawo. Ine dzina langa silimubwerera. Ndikalowa amamwetulira mbali imodzi n'kunena kuti, "Lachiwiri." Tsiku loyamba ndinatuluka panja ngati ndaiwala kanthu m'galimoto, chikhalirecho ndilibe galimoto.

Pamene ankadwala, buku lathu linali pakati. Mkonzi wathu ku kampani yosindikiza anadikira ndithu, munthu wachifundo, koma kenako anayamba kuimba. Ndinakhala pansi n'kulemba ndekha, mbali zanga ndi zake zomwe. Nditatumiza, mkonzi anaimba mokondwa. Anati, "Mphezi wachira eti? Mkangano wa m'khitchini uja ndi wake weniweni!" Ndinati, "Ayi, ndalemba ndine." Iye anati, "Ndiye bwanji osangopitiriza nokha, mayi? Owerenga sadziwa kanthu." Ndinaika foni pansi n'kulira. Chikhala kuti ndinalemba zoipa, bwenzi mtima uli m'malo. Chinandipweteka n'chakuti zinatheka. Ndinamva ngati ndavala diresi la munthu amene akadali moyo, n'kupeza kuti landikwana.

Sindinafune kuti bukulo lituluke iye asanalimve, choncho Lachiwiri lina ndinapita ndi laputopu n'kumuwerengera. M'bukumo muli mkazi wophika makeke ndi mwamuna wina wonyada kwambiri. M'mutu umene Mphezi analemba asanadwale, mkaziyo anamuthamangitsa mwamunayo m'nyumba, ndipo iye anapita ndi masokosi okha, nsapato zitatsalira mkati, chifukwa kunyada sikunamulole kugogodanso. Ine polemba kuyanjana kwawo, ndinamubweretsa mwamunayo ndi maluwa, n'kumugwaditsa pakhomo. Mphezi ankamvetsera atatsinzina. Nditafika pa maluwapo anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka supuni zinadumpha. "Ayi! Ayi! Nsapato!" Ine ndinaganiza kuti akufuna kutuluka, ndinawerama kufuna masilipasi ake pansi pa tebulo. Anandikankha phewa. "Nsapato! Nsapato!" akuloza laputopu, akuloza chitseko. Ndinayesa kulota zonse: mapazi akuzizira, mukufuna ndodo, ndisiye kuwerenga? Misozi yake inayamba kutsika. Mwana wake wamkazi anathamangira kuchokera kukhitchini, n'kumukumbatira, n'kundiuza ndi maso kuti ndizipita.

Ndinazindikira ndili kale m'basi. Mwamuna wonyada chonchija sangabwere ndi maluwa. Angabwere nkhope ili gwa, n'kunena kuti wabwera kudzatenga nsapato zake. Nditafika kunyumba ndinalembanso mutu wonse. Mwamunayo akugogoda, akuti, "Ndabwerera nsapato zanga," ndipo mkaziyo akumutulutsira atazipolisha. Mutu umenewu ndi wabwino kuposa wina uliwonse m'bukumo. Koma sindikudziwa, Aphungu, ngati izi n'zimene ankatanthauza, kapena ndangotola liwu losochera ngati "sopo" uja n'kulimangira nyumba chifukwa ndikufunitsitsa kuti mnzanga akhale akadalimo.

Kuyambira tsiku limenelo sindinamuwerengerenso kanthu. Mwana wakeyo, amene anasiya zake mumzinda wina kudzasamala mayi ake, anandiperekeza pageti ulendo wotsatira n'kunena kuti, "Anti, ndapota nanu, laputopu ija muziisiya kwanu. Inu mumapita, ine ndimatsala nawo. Tsiku lija sanadye, sanafune kuona munthu mpaka mawa lake." Ndinavomera. Ndimamudziwa mwanayu kuyambira ali m'matewera, sananene mwachipongwe. Tsopano ndimapita ndi malalanje, n'kukhala pambali pa mnzanga tikuonera TV, ngati mlendo wa kuchipatala. Nthawi zina amayang'ana chikwama changa, kenako n'kuyang'ana ine.

Alamu nawo ali ndi maganizo awo. Anandiimbira foni ali kumsika kuti mwana asamve. Anati, "Alamu, nyumba ino yazizira. Bwerani pa tchuthi ngati kale, mukhale patebulo paja. Iye azinena zimene anganene, inu muzingogogoda makinawo ngati mukulemba. Mukakafika kwanu mukalembe zanu. Sadziwa, koma asangalala." Bambo amene uja anaphunzira kuluka tsitsi la mkazi wake ali ndi zidzukulu kale, ndiye sindingawanene kuti alibe chikondi.

Sabata yatha tinali ndi mkumano wathu wa olemba nkhani zachikondi, umene timachita chaka chikamatha. Ndife ochepa, timabwereka kachipinda ka kuseri kwa laibulale, aliyense amabwera ndi kanthu kodya. Monga mwa nthawi zonse, tinayamba ndi kudandaula za tchuthi. Mayi wina amene timamutcha Adokotala, chifukwa amuna onse a m'mabuku ake ndi madokotala, anati nyumba ikadzaza alendo amakalembera m'galimoto ataitseka magalasi, ndipo chaka chatha mdzukulu wake anagogoda n'kufunsa kuti, "Agogo, ndiye mukulembanso zopsompsonana zija?" Bambo yekhayo m'gulu lathu, amene timamutcha Bambo Maluwa, anati iye tchuthi salemba chilembo n'chimodzi chomwe, amangokhala pakona kumvetsera abale akukangana, chifukwa pamenepo m'pamene amakolola nkhani za chaka chonse. Tinaseka. Tinakambirana za misana yowawa, za akonzi, za owerenga amene amatilembera kufunsa ngati amuna oterowo alipodi, ndi kumene amapezeka.

Kenako anandifunsa za Mphezi, ndipo ndinawauza zonse. Adokotala anati, "Mnzanga, dzina lija lili ngati sitolo. Mmodzi akadwala, wina amatsegula. Lemba, iye angakondwe kuti dzina silinafe." Bambo Maluwa anapukusa mutu. Anati, "Ayi. Dzina lija linali la anthu awiri. Ligonekeni mwaulemu, muyambe kulemba ndi lanu." Anakangana mpaka tiyi anazizira. Ine maso anga anali pa mpando wa pafupi ndi zenera, umene Mphezi ankakonda chifukwa samva kukoma kukhala pakati. Wina anali ataunjikapo zikwama. Ndinanyamuka n'kuzichotsa, n'kuziika pansi.

Aphungu, masiku a tchuthi ayandikira. M'chipinda chosokeramo chija pano mukugona mwana uja, makina anawakankhira kukona. Kupatula foni ya alamu ija, palibe amene wanena ngati ndipite kapena ayi, ndipo ine ndikuopa kufunsa. Mkonzi akudikira yankho pa za buku la chaka chamawa. Kodi ndilembe ndekha ndi dzina lathu? Ndilisiye? Ndichite zimene alamu akupempha, poti n'zachikondi? Kapena ndimvere mwana, ndisatchulenso za mabuku m'nyumba muja? Ndipo ngati sindipita ndi buku, ndikalowa pakhomo paja ngati ndani? Ndathetsa mavuto a anthu ambirimbiri a papepala, onse anathera m'manja mwa okondedwa awo. Langali landikanika.

S. G.

Mayi S. G.,

Kalata yanu yandiseketsa ndi kundiliza, ndiye ndaona kuti dzina la Namisozi lija anakupatsani silinapite padera. Koma pukutani maso, tikambirane.

Tawerengani anthu amene anenapo maganizo awo pa nkhaniyi. Mkonzi wanena. Alamu anu anena. Mwana wanena. Anzanu awiri akangana mpaka tiyi kuzizira. Lero mwafika kwa ine, munthu amene sindinamuonepo mnzanuyo. Watsala mmodzi yekha amene sanafunsidwe, ndipo ndi mwini nkhani. Nonsenu mumamukonda, sindikukayika, koma nonsenu mukumukambirana ngati wapita ulendo. Mwandiuza nokha kuti amamva, amaseka pamalo pake, amayang'ana chikwama chanu. Munthu wotero amafunsidwa.

Mufunseni, koma mwanzeru. Ine si dokotala, choncho yambani mwapempha banjalo kuti tsiku lina mupite nawo kwa katswiri amene amamuthandiza kulankhula, kapena kwa dokotala wake ngati katswiriyo palibe. Kafunseni mmene mungamacheze naye mosamutopetsa, ndiponso ngati kumuwerengera kungamuthandize kapena kumulemetsa. Kawirikawiri amalangiza zinthu zosavuta: nthawi imene wapuma bwino, TV itazimitsidwa, funso limodzi pa nthawi, loti ayankhe eya kapena ayi, kapena aloze chimodzi mwa zinthu ziwiri. Dziwani kuti kwa odwala ena "eya" ndi "ayi" amasinthana pakamwa, ndiye funso lofunika mulifunse kawiri m'njira zosiyana, ngakhale masiku osiyana. Ndipo akamasaka liwu, musathamangire kumumalizira. Tsiku lija munamuponyera mafunso ambiri nthawi imodzi chifukwa cha mantha, iye n'kumira. Si mlandu, simunadziwe. Pano mwadziwa.

Funso loyamba likhale la nsapato. Mwakhala mukudzizunza kuti kaya ankatanthauza zimenezo kaya ayi, chikhalirecho woyankha amakhala pambali panu mukudya malalanje. Muuzeni kuti, "Mnzanga, ndinachedwa kumva, koma ndikuganiza kuti ndinamva. Ukufuna ndikuwerengere?" Akavomera, werengani tsamba limodzi lokha, kenako muyang'ane nkhope yake. Ine ndikuganiza kuti munamva bwino, chifukwa anamenya tebulo pamalo penipeni pamene panali polakwika. Ndipo ngati ndi choncho, taganizani zimene wakhala nazo mumtima miyezi yonseyi: ananena chinthu choona, palibe anamumva, kenako anthu n'kusiya kumuwerengera. Mwina misozi ya tsiku lija sinali yoti bukulo lichoke. Mwina inali yoti wina amve. Koma zimenezi ndikungoganiza. Iye ndiye akudziwa.

Za pempho la alamu anu, ayi. Ndikunena mwaulemu, chifukwa bambo amene waphunzira kuluka tsitsi atakalamba ndi woyenera ulemu. Koma mayi amene anagwira bodza la mwamuna wa papepala atatsinzina, mukuganiza kuti sangagwire lanu mukugogoda makina opanda kanthu? Tsiku limene adzazindikire, adzataya bukulo, ndipo adzataya ndi inu nomwe, munthu amene ankamuuza zoona pa ntchito. Anthu omusangalatsa ngati mwana ali nawo ambiri. Auzeni alamu kuti mubwera patebulo paja, koma zenizeni. Akanena liwu limodzi lothandiza, lilowa m'buku. Akanena losathandiza, mumuuza kuti silikugwira, monga munkachitira kale. Ndikukhulupirira kuti kutsutsana nanu akukusowa kuposa malalanje.

Mwana uja musamuone ngati chitseko chotseka. Ananena zoona: inu mumapita, iye amatsala. Wasiya moyo wake, watopa, ndipo chimene akudziwa n'chakuti laputopu inalowa, mayi ake n'kusiya kudya. Musachite kanthu kumbuyo kwake. Khalani naye pansi, awiri, kunja kwa nyumba ija. Mufotokozereni za nsapato, chifukwa n'kutheka kuti iye anangoona misozi, nkhani yake sakuidziwa. Mupempheni kuti muyese kamodzi, kwa kanthawi kochepa, iye ali pomwepo, ndipo mayi ake akhale ndi chizindikiro choti basi, kaya kukweza dzanja, chimene nonse mudzachimvera nthawi yomweyo. Mumuuzenso kuti ngati kusadya ndi kudzipatula kumachitika kawirikawiri, akauze adokotala. Kukhumudwa kwakukulu kumabwera kwa anthu ambiri pambuyo pa matenda amenewa, ndipo thandizo lake lilipo.

Mkonzi adikire mpaka tchuthi chithe. Muuzeni choncho m'mawu ochepa, musapepese kwambiri. Za dzina, anzanu awiri aja onse anena zanzeru, ndipo onse alakwitsa chinthu chimodzi: akukupatsani inu nokha chigamulo cha katundu wa anthu awiri. Simungalipitirize nokha, simungaligoneke nokha. Muikireni mnzanu njira zake poyera, imodziimodzi: tipitirize awiri, ine ndizilemba iwe uzimvetsera ndi kukana, kapena ndipitirize ndekha ndi dzina lathu, kapena dzinalo lipume. Zimene angasankhe, mwana ndi alamu azimve ndi makutu awo, kuti pasadzakhale kukayikirana m'tsogolo.

Muchotsenso manyazi amene mukudzimvera chifukwa cholemba bwino mbali yake. Mwakhala zaka zonsezi mukutayipa mawu ake akutuluka m'kamwa ali amoto. Mukanapanda kuphunzirapo kanthu, pamenepo ndiye pakanakhala pochititsa manyazi. Simunamube. Anakuphunzitsani, ndipo mukadzapeza mpata mumuuze zimenezo. Mkonzi atasokonezeka n'kuyesa kuti walemba ndi iye, imeneyo ndi nkhani yoti mnzanu akaimve. Ndikuganiza kuti aseka.

Tsopano funso lanu lomaliza, limene mwalibisa kumapeto ngati laling'ono, chikhalirecho ndi limene lakulembetsani kalatayi. Mukuti mukalowa ngati ndani. Mayi, bambo a m'nyumba muja amakutchani alamu. Mwana amakutchani anti. Mayina amenewo sanakupatseni ndi kampani yosindikiza mabuku. Palibe amene wakuitanani chifukwa m'nyumba ya matenda anthu amaiwala kuitana, amangoganiza za mankhwala ndi zochapa, ndipo mwina nawo akuopa kuti akulemetsani. Wachibale sadikira khadi. Imbani foni lero, munene kuti, "Ndikubwera pa tchuthi, mundiuze chimene ndinyamule, ndipo ndigona pa sofa." Mukafika, vulani nsapato, mangani nsalu m'chiuno, mumuuze mwana uja apite akaone anzake, akagone tulo tosadukiza. Alamu apite akamete. Masiku oyamba laputopu ikhale m'chikwama. Khalani ndi mnzanu m'mawa, nyumba isanadzuke, ndi tiyi, monga kale. Za buku zidzabwera pa tsiku limene mwagwirizana nonse.

Chenjezo langa ndi ili. Mutha kufunsa bwinobwino, iye n'kuyankha kuti ayi, sakufunanso za mabuku. Zikatero musamunyengerere, musabwerenso ndi funso lomwelo mutaliveka malaya ena. Buku lisasanduke mayeso oti akuonetseni kuti wachira, chifukwa mwina sadzachira mmene inu mukufunira, ndipo sayenera kukhoza mayeso kuti akhale mnzanu. Mukalire kwanu, mukalire kwa anzanu a kulaibulale, mundilembere ine ngati mukufuna. Koma mukakhala naye, musamulire maliro. Munthuyo ali moyo, ali pampando, akukuyang'anani, ndipo akudikira kuti mulankhule naye.

Aphungu